Mchere wa Amake Madalo

"Funso langa ndi limodzi lokha, alamu. Mchere m'ndiwomu wathira ndani?"

A Hilda anali ataima pakati pa bwalo, poto wa milamba ali m'manja, atamugwirira patali ngati muli njoka. Ine ndinali nditangoimika lole yanga pansi pa mtengo wa bwemba, fumbi la ku Mbeya lidakali m'tsitsi, m'khwapa muli nsalu ziwiri za ku Tanzania zimene ndinagulira amayi a pakhomopo. Ine Petulo ndikafika kuchokera kunja Golomoti yonse imadziwa, ngakhale ogontha amamva hutala yanga. Tsiku limenelo palibe anatembenuka.

"Ndathira ndine," anayankha a Flora, akazi a msuweni wanga Goodson. Anali pamphasa akupeta mpunga, ndipo lichero silinaime.

"Mwathira ndinu. Nanga zimene ndaona pamiyala ya kubafa m'mawa uno? Tayamba kuphera nkhuku kubafa masiku ano?"

Apo lichero linaima.

Goodson anali pakhonde, atatsamira khoma, akutsokomola. A Hilda ndi mlongo wake wamkulu, amene anamulera makolo atamwalira, ndipo mpaka lero, ndevu zili mbuu ndi imvi, akamva mawu awo amakhala ngati mwana wochedwa kusukulu. Anayang'ana nkhuku, anayang'ana denga, koma mkazi wake sanamuyang'ane.

A Hilda anapita kukhola n'kukhuthulira nkhumba ndiwo zonse, milamba yonona yoti ku Dar es Salaam anthu akanaidya atavala tayi. Pobwerera anayala mlandu wonse. Anati mwana aliyense wa m'dera lino amadziwa kuti mkazi akamataya magazi sathira mchere m'ndiwo, chifukwa amamudula mwamuna wake. Anati chifuwa chimene chamugwira mlongo wawo si chifuwa wamba, ndi mdulo, ndipo woudzetsa ndi amene akugona naye nyumba imodzi.

A Flora anayankha motsitsa mawu kuti zakumwezi anasiya kalekale, ndipo amenewa ndi magazi a mumkodzo, a matenda aja.

"Magazi ndi magazi," anatero a Hilda. "Ine sindinapite kusukulu yosiyanitsa makomo amene atulukira."

Ndinaona kuti nkhani yafika pofuna munthu woyenda. Ndinaika nsalu zija pakhonde, ndinapereka moni kwa onse mwadongosolo, kenako ndinawakumbutsa a Hilda za chaka chatha. Ndine ndinawatenga a Flora kupita nawo kuchipatala chachikulu ku Lilongwe, kumene anawapala chotupa m'chikhodzodzo, thumba lija losunga mkodzo. Inali khansa. Ndinalowa nawo m'chipinda cha adokotala poganiza kuti pafunika womasulira, paja Chingerezi changa ndinachinolera padoko la Durban, koma adokotalawo anali mayi wa ku Ntchisi ndipo Chichewa chawo chinkaposa changa. Choncho ndinangokhala n'kumamvetsera, chinthu chimene sindichita kawirikawiri.

Adokotala aja anati mwina matendawa anayamba ndi likodzo la zaka zambiri, limene aliyense wolowa m'madzi a mpunga kuno amalidziwa. Anati thupi la munthu linamangidwa ndi tizidutswa tating'onoting'ono totchedwa maselo, ndipo maselowo amagwirana ndi zomatira zawo, ngati ulimbo. Lililonse limakhala pamalo pake chifukwa lamatirira kwa linzake. Pachipatalapo panali kafukufuku wa matendawa, ndiye kanyama kamene anachotsa mwa a Flora anakayeza mwapadera, n'kupeza kuti maselo ake ulimbo wawathera. Oterowo sachedwa kunyotsoka n'kukamera pena. Anawafunsa a Flora ngati amaudziwa mpunga woyoyoka, uja umagwetsa njere usanamwetedwe. Umamweta munda wonse n'kuona ngati mwayera, madzi akangolowa wamera wokha. N'chifukwa chake anati azibwera miyezi itatu iliyonse kudzawaunika m'kati ndi kamera, kaya akumva kuwawa kaya ayi, ndipo akangoona kadontho ka magazi asadikire tsiku.

Ndinafotokoza zonsezi bwino kwambiri, ndi manja omwe. Goodson anali nafe kuchipatala tsiku limenelo, ndiye ndinamufunsa kuti a Flora apitako kangati chibwerereni. Anati kamodzi. Ulendo wachiwiri unagwera nthawi yowokera mpunga kusikimu ya Bwanje, pamene ngakhale wopunduka amapatsidwa mbande kuti agwire. Komanso amake Madalo, ndiye kuti a Flora, anali atanenepa, anatero, ndipo anali atapereka kale kutchalitchi nkhuku ndi dengu la mpunga zothokoza kuti achira. Munthu wothokoza kale abwererenso kuchipatala, anthu aziti chiyani?

"Mpunga woyoyoka ndimaudziwa, asuweni," anatero a Hilda. "Timauzula usanawononge munda wonse."

Ananyamula nsalu imodzi, yokongola kwambiriyo, n'kulowera kwawo.

Madzulo a tsiku lomwelo mphasa ya a Flora inatuluka m'nyumba n'kukalowa m'khitchini, kanyumba kaudzu kakuda ndi mwaye, kopanda chitseko. A Hilda anabweretsa Anna, mayi wamasiye wa m'kwaya yawo, kuti aziphikira Goodson mpaka zinthu zitalongosoka. Anna ndi munthu wabwinobwino, wosekaseka, ndipo sindimuimba mlandu. Anangouzidwa kuti pali mwamuna wodwala amene akufa ndi njala.

A Flora timawaitana kuti amake Madalo, koma Madaloyo anagona kumanda asanayambe n'komwe sukulu, ndipo wina sanabwerenso. Anabwera kuno chitengwa, kuchokera kwa asodzi a mbali ya Mtakataka. Makolo awo anatha, mlongo wawo Mussa anawolokera ku Mozambique kutsata usipa ndipo foni yake inasiya kulira. Pamudzi wonsewo munthu wawo anali Goodson yekha.

Ndinayesa njira yanga. Tsiku lina masana ndinakhala pakhomo pa khitchini ija, mudzi wonse ukuona, n'kudya nkhwani zotendera zimene a Flora anaphika, mchere wake uli bwinobwino. Ndinanena mokweza kuti ine ndadya zophika akazi a ku Beira, a ku Lubumbashi, a ku Musina, osafunsapo ngati ali kumwezi kapena kudzuwa, ndipo taonani mimba yangayi. A Hilda anayankhira kuseri kwa mpanda kuti mdulo umagwira mwamuna wa m'nyumba, osati mbeta yaimuna yothawidwa kawiri. Amayi amene ankamenya mpunga chapafupi anaseka mpaka kugwetsa ndodo. A Flora okha sanaseke. Anandithokoza, n'kundipempha kuti ndisadzachitenso, chifukwa ndikachoka amatsala ndi iwo.

Inali nyengo yokolola. Chigwa chonse chinali chikasu, fumbi la mpunga lili m'mwamba, ndipo makina anga opunthira mpunga, amene ndinabwera nawo ndekha kuchokera ku Tanzania ndipo alibe anzake kuyambira Salima mpaka Balaka, ankalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Aliyense ankatsokomola, ine ndemwe. Koma chifuwa cha Goodson chokha ndicho chinali ndi dzina.

Patapita masabata awiri kapena kuposerapo, a Flora anafika kuchigayo changa atasenza theka la thumba. Amayi amene anali pabenchi anasendera, kuwasiyira malo aakulu kuposa amene munthu mmodzi amafuna. Asanafike pamzere anali atapita kale kuchimbudzi cha kuseri kawiri, ndipo pobwerako ankayenda atagwira pachinena. Ndinawaitanira muofesi mwanga, ndinawakhazika pampando wanga wozungulira uja, n'kuwauza kuti lole ikupita ku Lilongwe ndi mpunga sabata yomweyo, ndipo mpando wakutsogolo ndi wawo.

Anati sangakwere popanda mawu a mwamuna wawo. Mkazi wa mwini atakwera lole ya Petulo yekha, pofika madzulo nkhani ikhala itafika ku Mua. Komanso akangochoka, Anna sadzaphikiranso panja.

Ndinawafunsa kuti magaziwo anayamba liti. Anayang'ana kalendala yanga ya ku Dar es Salaam kwa nthawi, ngati yankho lili pa chithunzi cha sitima.

"A Petulo, inu mwayenda maiko, koma simunagonepo m'khitchini ya eni ake. Chaka chatha, ndisanapite ku opaleshoni, ndinadya ndekha kuyambira nthawi yodzala mpaka yokolola. Ena akakhala kumwezi amaitana mwana wawo kuti awathirire mchere, masiku angapo zatha. Ine ndinkaima pampanda ndi poto m'manja kudikira mwana wa eni adutse, tsiku ndi tsiku, mpaka amayi awo anayamba kuwaletsa kudutsa njira imeneyo. Nditachira ndinabwerera m'nyumba. Abambo a Madalo ankandiuza nkhani za kusikimu tikudya mbale imodzi. Ndiye magazi atabweranso ndinati ndikhale chete mpaka tikolole. Kuwawa kwa pachinena ndimakupirira. Zinazo ayi."

Ndinawauza kuti mbewa ya manyazi inafera kuuna.

"Koma inafera kwawo," anatero.

Ine pakamwa panga sipauma. Ndinatsutsanapo ndi apolisi a pa Beitbridge mpaka anandigulira tiyi. Koma apa ndinangoitana wogwira makina kuti apunthe mpunga wa alamu anga poyamba, osadikira mzere.

Madzulo ake ndinamupeza Goodson yekha kumunda, akumanga mitolo ya mapesi. Ndinamuyamba mwachisuweni, kuti iwe nkhalamba, akazi awiri pa khomo limodzi uli ndi chifuwa chotere, ukufuna tikuike mwezi uno? Anaseka pang'ono. Kenako ndinamuuza kuti tiye nonse awiri pa lole, iwe akakuyeze chifuwa ndi mapazi akutupawo, mkazi wako akamuunike. Anati iye alibe vuto ndi zimenezo, koma alongo ake apita kale kwa asing'anga, ndipo sangadumphe mawu a munthu amene anamusenza kumsana. Chibale ndi fupa, anatero, sichiola. Ndinamufunsa ngati mkazi ndi mnofu woti uziola. Anawerama n'kupitiriza kumanga mtolo umene anali ataumanga kale.

Loweruka lotsatira a Hilda anaitanitsa bwalo la pabanja. Asing'anga anali atanena kuti mankhwala a mdulo sagwira pokhapokha wolakwayo aulule pamaso pa abale nthawi imene anayambira. Tinakhala pansi pa bwemba dzuwa litangokwera. Panali amalume awiri a Goodson, a Hilda, ine, ndi Goodson mwini wake pampando, mapazi otupa atawasanjika pa njerwa. Mbali ya mkazi kunalibe nkhoswe. A Flora anakhala pansi okha, miyendo atatambasula, manja ali pamiyendo. Anna ankatsuka mbale chapatali, koma mbale imodzi anaitsuka nthawi yonse ya mlanduwo.

Amalume aakulu anayamba mofatsa. Anati palibe amene akuthamangitsa munthu, akungofuna moyo wa mwana wawo. Anati mawu a akulu amakoma akagonera, ndipo mwambo wa mchere sunayambe dzulo. Kenako anafunsa funso lija.

A Flora anati magazi anayamba nthawi yowokera.

Amalume aang'ono anawerenga miyezi pa zala n'kupukusa mutu. A Hilda anaomba m'manja kamodzi. Anati ndiye kuti kuyambira mvula ili pakati mpaka lero, mlongo wawo wakhala akudya imfa m'mbale, kuphikiridwa ndi munthu amene ankamusekerera. Anati anaona kale kuti mkazi wochokera kunyanja sadziwa mwambo, koma sankadziwa kuti ndi wouma mtima chonchi. Anayankhula nthawi yaitali, ndipo zina sindingazilembe.

Ndinadzuka kuti ndibwerezenso za ulimbo ndi maselo, koma a Flora anandikwezera dzanja kuti ndikhale. Anatembenukira kwa mwamuna wawo.

"Abambo a Madalo, m'mawa uliwonse ndikatuluka kubafa mumalowa ndinu. Ine ndinkathirapo madzi, koma magazi oundana amakanirira pakati pa miyala. Tsiku lina ndinabwerera kudzatenga sopo, ndipo ndinakuonani pampata wa udzu mutagwada, mukukwecha miyala ndi chidutswa cha njerwa. Kuyambira pamenepo ndinkamva kukwechako tsiku lililonse. Tsiku limene alamu anaona ndi tsiku limene chifuwa chinakugonekani, simunadzuke."

Ngakhale mbale ya Anna inasiya kulira.

"Sindikukuimbani mlandu. Mwina munkaopa kuti ndikapita kuchipatala mpunga utsala wosapalira. Ine ndinkadziuza kuti mukubisa chifukwa simukufuna ndibwerere kukhitchini. Pa zonse ziwirizo ndilibe nanu mawu. Ndikungopempha kuti munene pamaso pa alongo anu kuti munkadziwa, ndipo munkadya."

Ndamudziwa Goodson kuyambira tili ana, tikusambira m'ngalande zomwe zinatipatsa likodzo tonsefe. Si munthu woipa. Sanamenyepo mkazi, samwa mowa wogona nawo m'njira. Ndinali wotsimikiza kuti anena. Anayang'ana mkazi wake, koyamba m'masabata onsewo. Kenako anayang'ana a Hilda.

"Ine za kubafa kwa akazi sindizidziwa," anatero.

A Hilda anayamba kunena kuti mwamva nokha, wayambanso kunamizira wodwala, koma a Flora sanadikire kuti amalize. Anadzuka pang'onopang'ono, atagwira tsinde la bwemba, anakonza chitenje chawo, n'kundifunsa ngati mmene munthu amafunsira minibasi pa siteji.

"A Petulo, lole ija inyamuka liti?"

Ndinawauza kuti lole ya Petulo siyendera tsiku, imayendera mwini wake, ndipo mwini wake wati mawa m'mawa. Amalume aakulu anati mlandu sunathe. A Flora anawagwadira mwaulemu wonse n'kunena kuti zimene anafunsidwa ayankha, mankhwala agwire. A Hilda ananena chapansipansi kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka.

M'mawa mwake anatulukira m'khitchini ndi kachikwama kamodzi, ndowa yaing'ono ndi bulangete. Chitseko cha nyumba yaikulu chinali chotseka. Anaima pang'ono pabwalo, kenako anakwera.

Msewu wa Khwekhwerere ndaukwera nthawi zosawerengeka, usana ndi mvula yomwe, ndipo madalaivala a ku Zambia amandivulira chipewa ndikawauza kuti ndimaukwera ndi matumba odzaza osasintha nkhope. Ulendo umenewo ndinaukwera ngati ndanyamula mazira. Tinkaima pafupipafupi kuti alamu anga atsike, ndipo ine ndinkayang'ana kumbali n'kumamenya matayala ndi phazi ngati ndikuwayesa. M'njira ndinawasimbira za zombo za ku Beira zazikulu kuposa tchalitchi, za mvula yamatalala ya ku Joni, za munthu wa ku Iringa amene anafuna kundigulitsa ngamira. Ankangoti "kodi" pena ndi pena. Titafika pamwamba anandipempha kuti ndiime. Chigwa chonse chinali pansi pathu, minda ya sikimu itadulidwadulidwa ngati nsalu ya zigamba. Anafunsa kuti munda wawo ndi uti. Ndinaloza penapake. Kunena zoona, kuchokera pamenepo sungaone munda wa munthu.

Ku Lilongwe tinapeza adokotala omwe aja. Anawazindikira a Flora, ndipo sanawakalipire. Anangofunsa kuti magazi anayamba liti, atamva anatseka maso kanthawi, n'kulamula kuti awagoneke. Ine ndinapita kukatsitsa mpunga kwa amwenye anga a mu tauni, ndinagona masiku angapo kwa mnzanga ku Kawale, ndipo tsiku la zotsatira ndinabwerera nditavala jekete.

Adokotala anajambula chikhodzodzo papepala. Chaka chatha munali chotupa chimodzi, anatero, tsopano zamera zingapo, uku ndi uku, monga ankaopera. Zambiri zili pamwamba, koma chimodzi chazika mizu m'khoma la chikhodzodzo. Chikanapezeka chidakali pamwamba akanangopalanso. Tsopano njira ndi kuchotsa chikhodzodzo chonse, ndipo mkodzo uzidzatulukira pamimba n'kumagwera m'kathumba ka pulasitiki, moyo wonse. Anati sangalonjeze kuti palibe maselo ena amene anyotsoka kale kupita patali, koma mwayi ulipo, ndipo ndi wofunika kuugwira msanga.

Ine ndinali ndi mafunso ambiri, a munthu wodziwa zinthu. A Flora anali ndi limodzi. Anafunsa ngati akachotsa chikhodzodzocho magazi adzasiya. Adokotala anati adzasiya.

"Chotsani," anatero a Flora.

Kuwodi anamwino anafunsa za wodikirira wodwala, woti aziwatungira madzi, kuwachapira ndi kuwatembenuza akachoka ku opaleshoni. Ndinati ndine. Anamwinowo anayang'ana ndevu zanga, anayang'ana chikwangwani cha wodi ya amayi, n'kufunsanso ngati kulibe mchemwali, mwana, mlamu kapena wa kutchalitchi. A Flora anati onse atanganidwa ndi kukolola. M'wodi monsemo bedi lililonse linali ndi munthu wake pansi, wina akupesa wodwala tsitsi, wina akuuzira phala. Mayi wina wa ku Mchinji, amene ankadikirira mwana wake pabedi loyandikana, anamva zonse. Anati ndowa yawo ikhale pafupi ndi yake, akamapita kumpope azitengera limodzi.

Ndinawagulira shuga, buledi, sopo ndi kapu yatsopano, ndinasiya nambala yanga kwa anamwino ndi kwa mayi wa ku Mchinji uja, ndipo ndinalonjeza kuti ndibwera ndi ulendo wotsatira wa mpunga. Nthawi yoona odwala itatha ndinawafunsa kuti kumudzi ndikanene chiyani.

Anakonza bulangete pamiyendo pawo, n'kuganiza kaye.

"Akakufunsani, mukawauze zonse. Za kathumbako zomwe, musabise. Koma musakayambe ndinu."

Ndinati alamu, mukundidziwa ine, nkhani ikakhala m'kamwa mwanga imayabwa. Apo anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anagwira pachinena.

"N'chifukwa chake ndakupemphani," anatero.

Ndinafika ku Golomoti tsiku lotsatira masana, ndikuliza hutala kuyambira pamsika kuti aliyense adziwe kuti lole yabwera. Ndinaimika pansi pa bwemba. A Hilda anatuluka, anandipatsa moni wa ulendo, n'kundiuza kuti mankhwala agwira, chifuwa cha mlongo wawo chayamba kutsika. Kumenya mpunga kunali kutatha ndipo fumbi linali litagona, chifuwa changa chomwe chinali chitatsika, koma sindinanene. Anna anandipatsa madzi akumwa atagwada, anatsegula pakamwa ngati afunsa kanthu, a Hilda anamuitana. Lamulungu ndinapita kutchalitchi n'kukhala kutsogolo. Amayi a m'kwaya anandifunsa ngati ku Lilongwe kukuzizira.

Opaleshoni inachitika. Mayi wa ku Mchinji anandiimbira kuti alamu anga atsitsimuka ndipo amwa tiyi. Nkhani imeneyo ndinayenda nayo m'kamwa kuchigayo, kumsika, kusikimu, ngati munthu wonyamula khala lamoto.

Tsiku lachitatu chiimbireni foniyo, dzuwa litapendeka, Goodson anabwera kuchigayo. Makina anali atazima, anthu atapita. Anabwera wopanda thumba, akukoka mapazi ake otupa m'patapata, ndipo anakhala pabenchi ya amayi ija. Ndinatuluka muofesi n'kukhala pambali pake. Sindinamuseke, sindinamutchule nkhalamba. Iye ankazunguza chipewa m'manja. Kawiri konse anakoka mpweya ngati munthu wofuna kudumpha ngalande.

"Asuweni," anatero potsiriza. "Ku Lilongweko."

"Ee."

Chipewa chinazungulira kamodzinso.

"Mpunga ukuyenda bwanji?"

Ndinamuuza kuti ukuyenda bwino.